Usadikire ndege inyamuke, mdzukulu wanga

Kalata yako yochokera ku Leicester, ku England, ndaiwerenga kawiri. Ukuti mnzako wa m'kalasi, wa zaka 16, makolo amugulira tikiti ya ku Pakistan pa holide ikubwerayi, ndipo wamva azakhali ake akunong'onezana za msuweni woti akamukwatire. Wakulumbiritsa kuti usauze munthu, ndiye ukufunsa ngati kuulula za m'nyumba ya eni si kupanda mwambo.

Ulula, mwanawe. Ine ndakhalapo nkhoswe, ndipo pa ukwati wolongosoka mtsikana amafunsidwa pamaso pa anthu ngati mwamunayo wamufuna. Makolo kumuonetsa mwana munthu, iye n'kuvomera yekha atakula, n'kwina. Kumunamiza kuti akukaona agogo odwala, akafika n'kumulanda pasipoti ndi foni, kumeneko ndi kuba mwana, ngakhale wakubayo akhale bambo ake omubala. Kwathu kuno Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inkathetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo inali mfumu, mwini mwambo.

Malamulo a komwe uliko ali kumbali yake. Chiyambire 2014, kukakamiza munthu ukwati ndi mlandu ku England, wa zaka mpaka 7 m'ndende, ndipo kuyambira 2023 palibe wololedwa kukwatiwa asanakwane zaka 18. Boma lili ndi ofesi yothandiza okakamizidwa ukwati, ya Forced Marriage Unit, yomwe inayamba mu 2005. Khoti likhoza kulamula kuti pasipoti ya mwanayo isungidwe, asatuluke m'dziko. Akapita, akazembe a Britain a ku Islamabad, likulu la Pakistan, amayesetsa kumupulumutsa, koma kufufuza mtsikana wotsekeredwa m'mudzi wa kutali, wosadziwa ngakhale dzina la msewu, ndi ntchito yowawa, ndipo ena sabwerera.

Mawa lomwe uuze mphunzitsi woona za chitetezo cha ana pasukulu panu. Kwa makolo ake usapiteko, usatumenso wachibale kuti akawanyengerere, chifukwa akadziwa kuti zaululika amafulumizitsa ulendo. Mnzakoyo akupatse chithunzi cha pasipoti yake, adiresi ya komwe akupita ndi tsiku lobwerera.

Zikavuta mpaka tsiku la ulendo, a bungwe la Karma Nirvana, lothandiza okakamizidwa ukwati, amalangiza kubisa supuni yachitsulo m'kabudula wamkati. Makina a pabwalo la ndege akalira, amamutengera pambali payekha, ndipo pamenepo anene momveka kuti akumukakamiza ukwati.

Adzakukwiyira mwina, masabata angapo osakulankhula. Pirira. Undilembere Lachisanu undiuze zomwe aphunzitsi anena.