Kupalasa njinga chifukwa cha mnzanga wodwala

Funso: Ndimakhala ku London, ndipo mnzanga amene tinakulira limodzi anapezeka ndi matenda a multiple sclerosis. Masiku ano amakoka mwendo wakumanzere poyenda, ndipo kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Ndikufuna kupalasa njinga mpaka ku Brighton kuti ndisonkhetse ndalama zothandizira odwala ngati iye. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi kukhala pansi ndi mnzanuyo, chifukwa nkhani ya matendawa ndi yake, ndipo ndi iye yekha amene angakuloleni kuitchula pagulu. Matendawa amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chatembenukira chikuto cha minyewa ya mu ubongo ndi mumsana, chotchedwa myelin, moti mauthenga opita ku miyendo, manja ndi maso amachedwa kapena kusokonekera. Mankhwala ochiziratu sanapezeke, ngakhale alipo ochepetsa mphamvu ya matendawa.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 87, ndipo chakumapeto kuli chitunda cha Ditchling Beacon, pamene ambiri amatsika n'kuyamba kukankha njinga, choncho muzolowere zitunda kudakali nthawi. Ndalama zikapita ku bungwe ngati MS Society, lothandiza odwala matendawa, limene linakhazikitsidwa mu 1953, opereka amene amakhoma msonkho ku Britain angawonjezere Gift Aid, yomwe ndi mapeni 25 amene boma limapatsa bungwelo pa paundi iliyonse imene apereka, koma mwayiwu supezeka ngati ndalamazo zikupita m'manja mwa mnzanuyo.

Ngati adzakudikirireni ku Brighton, mum'konzere mpando pamthunzi, pakuti kutentha kumakulitsa kutopa ndi kufooka kwa odwala ambiri.