Yankho: Kodi nyama zamtchire zosiyana mitundu zimathandizanadi?

Achimwene, mwafunsa ngati makamera otchera m'tchire anajambulapo nyama zosiyana mitundu zikugwirizana. Eya, ndipo ine imandigwira mtima ndi kanema yemwe bungwe la Peninsula Open Space Trust linatulutsa mu 2020 ku California. Usiku, pakhomo pa mpaipi wamadzi wodutsa pansi pa msewu, coyote, nkhandwe ya kumeneko, akudumphadumpha, mchira pukupuku, kudikira mnzake. Kenako badger, wofananako ndi chiuli chathu, akutulukira ali nyang'anyang'a ndi timiyendo take tatifupi, n'kulowa onse mumpaipimo.

Chimawagwirizanitsa ndi mimba. Badger ndi katswiri wokumba, coyote ndi waliwiro. Agologolo a m'mauna akathawira pansi, badger amawafukula. Akatulukira kuuna wina, coyote ali pompo. Koma musaganize kuti amagawana ndiwo, ayi, wagwira ndiye wadya.

Kuno ku Africa ziliponso. Ku Queen Elizabeth National Park ku Uganda, njiri zimagona pansi dala kuti misulu izikwere n'kuzichotsa nkhupakupa. Zimenezi anthu anachita kuziona ndi maso masanasana.