Masipika a m'galimoto akangoti zii

Achimwene ena a ku Namwera andilembera imelo. Akuti wailesi ya mu Probox yawo ikuyaka bwinobwino koma masipika ali zii, ndiye akufunsa ngati agule ena. Achimwene, ndalamayo isungeni kaye m'thumba. Funso lanuli landikumbutsa zomwe zinandichitikira chaka chatha, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ine ndimayendetsa Sienta pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay. Mu Okutobala, dzuwa lija la kuno loti chiwongolero umachigwira ndi kansalu, sipika ya chitseko changa inayamba kudukiza. Ndikagunda bampu imalira, kenako zii. Titafika pa Makawa ndinatsegula chitseko kuti mayi wina akweze basiketi ya usipa, nyimbo n'kubwerera. Nditatseka, zii. Galimoto inali itandiuza kale pomwe pali vuto, koma sindinamve. Patatha masiku atatu masipika onse anayi anasiya.

Ndinapita kwa mnyamata wina wa zamagetsi. Sanayeze chilichonse. Anangogogoda chitseko n'kunena kuti, "Bwana, apsa onse." Ndinagula awiri atsopano, iye n'kudula mawaya, kupotokola, kukulunga tepi. Sanalire. Akuti ndiye kuti wailesi nayonso yapsa.

Apa ndiye ndimakwiya. Munthu wopanda multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, asakhudze mawaya a galimoto yanu, ngakhale akhale m'bale wanu. Ndipo zopotokola mawaya n'kumata tepi ndimadana nazo. Kutentha kwa kuno kumasungunula ulimbo wa tepi, fumbi n'kulowa, waya n'kukhala pamtunda. Pamafunika kuwotcherera ndi soda (solder), kachitsulo kosungunula kolumikizira mawaya.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire yemwe amakonza mawailesi pakhonde pake. Anasolola kachubu ka labala kamene kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi. Mkatimo waya anali atasupuka, timkuwa tili pamtunda tikukhudza chitsulo. Waya ameneyu amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, ndiye taganizani galimoto yonyamula anthu imatsegulidwa kangati patsiku. Waya wa sipika imodzi akagunda chitsulo, mawailesi ambiri amadziteteza pozimitsa mawu onse. N'chifukwa chake anayi onse anakhala chete pomwe palibe inapsa. Akale aja ndili nawo m'katoni, ndi amoyo.

Sikuti masipika saonongeka ayi. Anyamata otsuka galimoto akamathira madzi ndi ndowa pagalasi, madziwo amatsikira m'chitseko, pepala la sipika n'kunyowa n'kung'ambika. Koma yotero imalira mwaphwephwe, siyingoti zii. Palinso ina: mawailesi obwera ndi galimoto za ku Japan ambiri amagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 MHz. Wina amasaka siteshoni ya pamwamba pa 90, osaipeza, n'kumati masipika afa. Pamenepo chofunika ndi band expander basi, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni a pamwamba pa 90. Ndipo inu a ku Namwera, ndi kugwedezeka kwa galimoto yodzaza katundu pokwera mapiri a Chowe, pulagi ya kumbuyo kwa wailesi itha kungomasuka yokha.

Muyambire apa

Onani kaye mute, komanso balance ndi fader zomwe zimagawa mawu ku masipika, ana amakonda kutobwanya mabatani. Yesani FM, kenako fulashi kapena Bluetooth. Ngati china chikulira, masipika alibe mlandu. Ngati munaikitsa ampu yokuzira mawu, onani fyuzi yake ndi kawaya ka buluu kamene kamaiyatsa. Fyuzi ikapsa ikani ya nambala yomweyo, osati waya kapena pepala la siliva.

Kenako zimitsani galimoto, zulani pulagi ya kumbuyo kwa wailesi, mutenge batire la tochi la 1.5V mugunditse pang'ono mawaya awiri a sipika imodzi. Ikati "thu", ili moyo pamodzi ndi waya wake. Musayesere batire la galimoto, 12V ingaiwotche. Pa multimeter sipika yabwino imaonetsa pafupifupi 4 ohms. Muyezenso waya aliyense ndi chitsulo cha galimoto, sipayenera kukhala kulumikizana.

Koma musanamasule sikulu ngakhale imodzi, yatsani wailesi, mutsegule ndi kutseka chitseko cha dalaivala pang'onopang'ono uku mukugwedeza kachubu kaja. Mundilembere zomwe mumve, achimwene.