Kodi sanitayiza akufooketsa chitetezo cha mwana wanga?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti chiyambireni nthawi ya Covid-19 sayenda opanda kabotolo ka sanitayiza, ndipo mwana wawo wa zaka zinayi amamupaka m'manja akamachokera ku sukulu ya mkaka, mu minibasi, ngakhale kutchalitchi. Apongozi awo akuti mwana wotere amakula wofooka chifukwa thupi lake silizolowera tizilombo. Akufunsa kuti woona ndani.

Mayi, mtima ukhale m'malo. Sanitayiza safooketsa chitetezo cha m'thupi mwa mwana. Komabe apongozi anu sanangoyankhula zopanda mutu, ndipo ndi bwino mudziwe pamene mfundo yawo yagona.

Mu 1989, dokotala wina wa ku Britain, David Strachan, anafufuza ana oposa 17,000 ndipo anapeza kuti ana obadwira m'banja lalikulu, makamaka amene ali ndi akulu awo ambiri, sankavutika kwambiri ndi chimfine chobwera chifukwa cha mungu wa maluwa ndi udzu. Kafukufuku wotsatira anaonetsanso kuti ana okulira pa famu pafupi ndi ng'ombe sadwala mphumu kawirikawiri ngati anzawo. Apa ndi pamene panachokera mawu akuti ukhondo ukanyanya umabweretsa mavuto. Koma tizilombo tili mitundumitundu. Timene timaphunzitsa thupi ndi tija tosavulaza, topezeka m'dothi, pa ziweto, pa khungu la mayi ndi m'matumbo mwa anthu apabanja. Mwana amayamba kutilandira pobadwa, kenako poyamwa, pokwawa pabwalo, posewera ndi anzake. Timene timabwera ndi chimbudzi kapena mamina a munthu wodwala ndi tina, ndipo ntchito yawo ndi kudwalitsa basi.

Maganizo akuti mwana akadwala ndiye kuti akulimba ndi amene ayenera kutayidwa. Kutsegula m'mimba kobwerezabwereza kumawononga matumbo, chakudya sichilowa bwino m'thupi, mwana amapinimbira. Chikuku chimachita kufufuta chitetezo chimene thupi linali nacho kale pa matenda ena. Kolera imene inavuta m'Malawi mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo palibe kholo limene lingafune kuti mwana wake alimbire pamenepo. Njira yophunzitsira thupi popanda kulivulaza ndi katemera, monga wa rota, woteteza ana ku kachilombo kotsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2012. Choncho onani buku la kusikelo ngati akatemera onse anakwana.

Sanitayiza amapha tizilombo tambiri tokhala pamwamba pa khungu la m'manja, kenako amauluka. Safika m'matumbo, ndipo tizilombo tabwino tapakhungu timabwereranso posachedwa. Mwana amene amasewera panja tsiku lonse sangasowe tizilombo tomuphunzitsa chifukwa chopakidwa kadontho asanadye mandasi pa depoti.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife n'china: makolo ambiri amamukhulupirira sanitayiza kuposa mphamvu zake. M'manja mukakhala dothi, mafuta a chipisi kapena mamina, mankhwalawa safika pa khungu. Sachotsa mankhwala ophera tizilombo m'munda. Sachita bwino pa norovirus ndi Cryptosporidium, tizilombo totsegula m'mimba, ndiponso sachotsa mazira a njoka za m'mimba. Sopo ndi madzi sizidalira kupha, zimakokolola zonsezi. Ndiye mwana akachoka kuchimbudzi, inu mukamusintha thewera wamng'ono wake, musanakonze chakudya, musanadye ndiponso musanamudyetse, gwiritsani ntchito sopo. Wochapira zovala yemweyo ndi wokwana. Pakani thovu kwa masekondi osachepera 20, tsukuluzani ndi madzi oyenda. Kusamba nonse m'beseni limodzi musanadye nsima kumapatsa womaliza litsiro la anthu onse, ndipo womaliza nthawi zambiri amakhala mwana. Thiriranani ndi jagi, kapena ikani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi.

Sanitayiza malo ake ndi paulendo, kumsika, pamzere wa kuchipatala, kulikonse kumene madzi ali kutali. Pogula, werengani pa botolo: alcohol akhale 60 peresenti kapena kuposa, ndipo akhale wa ethanol kapena isopropyl. Wa m'botolo lopanda chizindikiro, wochita kupungulira, musiyeni, chifukwa ena amasakaniza methanol amene amachititsa munthu kusaona ndiponso kupha akamwedwa. Osathiramo madzi kuti achuluke. Mphamvu ikatsika ndiye kuti mukungomupaka mwana fungo.

Kapakidwe kake ndi aka. Dontheza nokha pachikhatho cha mwana mlingo wonyowetsa manja onse awiri. Apake m'zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi nsonga za zala, zimene anthu ambiri amaziiwala pamene ndi zimene zimalowa m'kamwa. Apitirize mpaka manja aume okha, masekondi 20 mpaka 30. Akauma nthawi yomweyo, mwathira wochepa. Asapukutire pa malaya, asakupize manja m'mwamba, ndipo asagwire m'maso kapena chakudya asanaume. Khungu likayamba kuuma kapena kung'aluka, chepetsani ndipo muzimudzoza mafuta, poti khungu long'aluka ndi khomo la tizilombo. Kumupaka kakhumi pa tsiku ali pakhomo pomwe pali madzi n'kungomuumitsa manja.

Mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi asasunge yekha botolo m'chikwama cha kusukulu. Sanitayiza wina amanunkhira ngati zipatso ndipo mwana amafuna kulawa. Lisungeni patali ndi mbaula ndi kandulo chifukwa limayaka. Kunyambita dzanja louma sikoopsa. Sanitayiza akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15. Koma mwana akamwa, ngakhale makamwa awiri okha, shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri: mwana amadzandira, amasanza, amagona tulo tovuta kudzutsa, nthawi zina amakomoka. Musamusanzitse. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo nyamulani botololo kuti adokotala aone zimene wamwa.