Kulemba za kazitape wamkazi wa wailesi

Achemwali, mwafunsa momwe mungalembere kazitape wamkazi wotumiza mauthenga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti owerenga amukhulupirire. Onani za Noor Inayat Khan wa gulu la akazitape a ku Britain lotchedwa SOE, yemwe ndege ya Lysander idamutsitsa ku France usiku mu Juni 1943. Wailesi inkakhala m'sutikesi yolemera, ndipo waya wake wautali ankautambasula mobisa. Musaiwale zimenezi, kazitape wa m'nkhani yanuyo mkono uzimuwawa pokwera masitepe. Akachedwa pa Morse, yomwe ndi njira yotumizira uthenga pogogoda zizindikiro pa wailesi, galimoto za Ajeremani zinkalondola komwe mafunde akuchokera, choncho azisamukasamuka.

Chidaononga zinthu nchakuti Noor adasunga mauthenga akale m'kabuku. Atamugwira mu Okutobala, Ajeremani adatengera m'kabukuko nkumatumiza mauthenga ku London ngati ndi iyeyo. Adamupha kundende ya Dachau ku Germany mu Seputembala 1944.