Mwala wa ku Beira wooneka ngati bowa

Mphunzitsi wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Akuti mlamu wawo anabwera kuchokera ku Beira ndi kamwala koyera, kozungulira ngati mbale, kokhala ndi timizere ngati kunsi kwa bowa, ndipo ana a sukulu akukangana kuti ndi bowa wa m'nyanja amene anauma n'kusanduka mwala. Kodi n'zoona?

Ayi aphunzitsi, chimenecho ndi chigoba cha nyama. Ndi korali, nyama ya m'nyanja zamchere, wa mtundu wa Fungia, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza bowa, ndiye anawo asachite manyazi, akatswirinso anaona kufananako. Ali moyo amakhala ndi mnofu wofewa wokuta timizereto, pakamwa pali pakati pomwe mukuona kamng'alu. Makorali ambiri amakhala m'magulu n'kumanga matanthwe, ngati Great Barrier Reef ya ku Australia yotalika makilomita 2,300, koma uyu akakula amathothoka n'kumakhala yekha pamchenga. Dontheza madzi a ndimu pamwalapo, muona tithovu. Ndi laimu ameneyo. Bowa sangatero.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti onse awiri sadya okha. Taganizani utale wathu uja womera pachulu mvula yoyamba ikagwa. Muukumbe mofatsa, musauthyole msanga, muona muzu wake wautali ukulowa pansi mpaka m'nyumba ya chiswe. Chiswe ndiye mlimi wake: chimatuta udzu ndi timitengo, bowayo n'kumaziwoletsa, chiswe n'kupeza chakudya chofewa. N'chifukwa chake utale sungaulime m'matumba ngati bowa wa oyisitala.

Korali naye amasunga ndere zing'onozing'ono m'mnofu mwake. Nderezo zimapanga chakudya ndi dzuwa n'kumugawira, iye n'kuzipatsa pokhala. Madzi akatentha mopitirira muyezo wa nyengo yotentha ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, amazitulutsa n'kuyera mbee, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Zinachitika kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean mu 1998.

Anawo akafunsa ngati angamupeze mu Shire kapena ku Dambo la Njovu, auzeni kuti ayi, ngakhale m'nyanja ya Malawi mulibe. Amafuna madzi amchere, ofunda, oyera. Ngakhale kumene Zambezi amathira m'nyanja, matope omwe timatumiza kuchokera kuno amatchinga dzuwa. Ndikukayika kuti mlamu wanuyo anautola pagombe la Beira, madzi a kumeneko ndi amatope. Mwina anachita kugula kwa ochokera ku zilumba za Bazaruto, ku Mozambique komweko. Tawafunsani.