Kunyamula tiana ta nsomba tamoyo kudutsa pa Mwami

Achimwene, mwafunsa ngati mungamakagule tiana ta nsomba ku Chipata, n'kudutsa nato pa boda ya Mwami, kenaka kutisunga pakhomo mpaka eni madamu ndi asodzi ofuna nyambo yamoyo adzagule. Zimatheka, koma katundu ameneyu sadikira pamzere ngati mabelo a kaunjika.

Yambani ndi mapepala. Lamulo la zausodzi silola kulowetsa nsomba yamoyo m'Malawi popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona zausodzi, ndipo fomu ya STR ya COMESA imene amalonda aang'ono timadzaza siilowa m'malo mwake. Mtundu wa nsomba nawonso ndi nkhani. Alimi ambiri a ku Zambia amaweta Nile tilapia, yomwe kuno ndi yoletsedwa poopa kuti ingasakanikirane ndi chambo, ndipo ikakhala yaing'ono n'kovuta kuisiyanitsa ndi makumba. Palinso matenda a zilonda a EUS amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, boma n'kuimitsa kusamutsa nsomba zamoyo m'deralo. Choncho pitani ku ofesi ya zausodzi musanapereke ndalama kwa wogulitsa. A ku ofesiko akakana, tiana ta makumba, chilunguni ndi mlamba timapezeka konkuno, monga ku Domasi.

Tiana tisadye tsiku lathunthu ulendo usanafike. Nsomba yokhuta imachita chimbudzi m'thumba, madzi amadzaza poizoni wotchedwa ammonia, imafa thumba likadali lotupa bwinobwino. Gwiritsani matumba awiri a pulasitiki yolimba, lina m'kati mwa linzake. Madzi atenge gawo limodzi mwa atatu, malo otsalawo mupopemo oxygen, mumange ndi mphira wa chubu. M'malita 5 musapitirize tiana 300 ta galamu imodzi ngati ulendo ndi wa maola 8. Thiranimo mchere wamba, magalamu 3 pa lita, kutanthauza magalamu 60 mu ndowa ya malita 20. Umathandiza kuti nsomba zisafooke. Matumbawo agone m'katoni, kutali ndi injini, mwafunditsa chiguduli chonyowa, ndipo nyamukani mbandakucha. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, pamene nsomba ikufuna wochuluka.

Mlamba ndi wosavuta chifukwa umapuma mpweya wa pamwamba, moti chigubu chodula pakamwa chokhala ndi madzi pang'ono chimakwanira. Vuto lake ndi kudyana. Patulani aakulu ndi aang'ono, apo ayi mudzawerenga ochepa koma okhuta.

Ambiri amaluza atafika kale kunyumba, chifukwa cha changu. Musakhuthule thumba. Liyandamitseni lomanga m'diramu kwa mphindi 20 kuti kutentha kufanane, mutsegule, muzithiramo madzi a m'diramu pang'onopang'ono, kenaka tiana tituluke tokha. Diramu likhale lapulasitiki la malita 200, lisanasungepo mafuta kapena mankhwala, likhale pamthunzi ndipo muliphimbe ndi ukonde chifukwa timalumpha. Madzi a pampopi agone m'ndowa yosatseka masiku awiri kuti klorini ituluke. Kapampu kophulitsa thovu m'madzi n'kofunika, ndipo gulani ka batire, popeza magetsi akazima usiku diramu lodzaza limasanduka ndiwo kusanache.

Tsiku loyamba musapatse chakudya. Pambuyo pake patsani chimene angamalize m'mphindi 5, chifukwa chotsala chimaola. Tsiku lililonse kokani nyansi za pansi ndi paipi, muchotse gawo limodzi mwa atatu la madzi, mubwezeremo ogona. Mukaona tiana tikuyasamula pamwamba m'mamawa, mpweya wachepa. Sinthani madzi pomwepo ndipo musamutsire tiana tina m'diramu lina. Tofa chotsani msanga, tokhala ndi zilonda musagulitse.

Za mtengo, pezani ogula musanapite, ndipo werengerani imfa zina m'mtengomo. Asodzi auzeni kuti nyambo yotsala asaitayire mumtsinje, chifukwa umo ndi mmene matenda ndi mitundu yachilendo imalowera m'Bua.